KAUNDULA WA MATENDA A KHANSA

Nkhani ya zaumoyo ya lero ikunena za ntchito ina imene sichitikira pambali pa bedi la wodwala, ndipo silira jekeseni kapena mpeni wa dotolo, komabe ndi yofunika kwambiri polimbana ndi matenda a khansa. Ntchitoyo ndiyo ya kulemba m'kaundula munthu aliyense amene wapezeka ndi khansa m'dziko.

Omvera onse, kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje, akudziŵa kuti nyakwaŵa yanzeru imadziŵa chiŵerengero cha mabanja a m'mudzi mwake. Chaka cha njala chikafika, nyakwaŵa yosadziŵa anthu ake imagaŵa chimanga mongoganizira, ena nkulandira kaŵiri, ena nkugona ndi njala. Boma nalonso, pofuna kugula mankhwala, kuphunzitsa anamwino ndi kumanga zipatala, liyenera kudziŵa kuti odwala ndi angati, ali kuti, ndipo akudwala nthenda yotani.

Chifukwa chake khansa iyenera kuŵerengedwa

Thupi la munthu lidapangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maselo. Khansa imayamba pamene maselo ena ayamba kuswana mosalekeza, nkumaononga ziŵalo zoyandikana nao, mwinanso nkufalikira kutali. Khansa ili ndi mitundu yoposa 100, ndipo mtundu uliwonse uli ndi zoyambitsa zake ndi machiritso ake.

Kolera ikabuka m'mudzi, pasanathe sabata anthu a zaumoyo amakhala atadziŵa chitsime chimene chadwalitsa anthu, pakuti onse odwala adamwa madzi omwewo masiku ochepa apitawo. Khansa sichita chomwecho. Pakati pa chinthu choiyambitsa ndi tsiku limene wodwala amva kuŵaŵa pangapite zaka 10, 20 ngakhale 30. Dotolo wa pachipatala cha boma laling'ono akhoza kuona odwala khansa ya kummero atatu kapena anai pa mwezi, koma payekha sangathe kudziŵa ngati nthendayo ikuchuluka m'dziko, kapena ngati imakonda dera lake kuposa madera ena. Zoterezi zimaoneka pokhapokha malipoti a zipatala zambiri, a zaka zambiri, ataikidwa pamodzi. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo ntchito ya kaundula ndi yotero.

M'mene kaundula amalembedwera

Alembi a kaundula sadikira kuti maina aŵapeze mu ofesi. Amayenda m'mawodi, m'zipinda zosungiramo mafayilo, m'malabotale ndi m'malo osamalira odwala matenda okhalitsa, nafufuza m'mabuku. Pa wodwala aliyense amalemba dzina, zaka zake, ngati ndi mwamuna kapena mkazi, kumene amakhala, tsiku limene nthenda idadziŵika, chiŵalo chimene khansa idayambira, mtundu wake, ndiponso njira imene dotolo adaidziŵira.

Dzina limalembedwa pa chifukwa chimodzi chachikulu. Mayi mmodzi akhoza kuyambira kuchipatala chaching'ono cha kwao, natumizidwa kuchipatala cha paboma, kenaka nkukafika kuchipatala chachikulu, kanyama kotengedwa pa chotupa chake nkupitanso ku labotale. Mayiyo waoneka m'mabuku anai, koma ndi munthu mmodzi. Popanda dzina ndi mudzi, akadaŵerengedwa kanai. Maina atagwira ntchito imeneyi amasungidwa mwachinsinsi, ndipo m'malipoti osindikizidwa mumangotuluka manambala okha.

Pali kusiyana pakati pa buku la chipatala chimodzi ndi kaundula wa dera lonse. Buku la chipatala limanena za odwala amene afika pakhomo pake, ngakhale achokere kutali. Kaundula wa dera amalemba odwala onse okhala m'dera lodziŵika malire ake, kulikonse kumene adakalandira chithandizo. Tsono chiŵerengero cha odwalawo chimayerekezedwa ndi chiŵerengero cha anthu onse a m'deralo, chochokera ku kalembera wa dziko. Mwachitsanzo, boma lina la anthu 200,000 likhale ndi odwala 40 pa chaka, lina la anthu 800,000 likhale ndi odwala 80. Munthu wosaganiza bwino adzati vuto lakula m'boma lachiŵiri. Koma mwa anthu 100,000 alionse, boma loyamba lili ndi odwala 20, pamene lachiŵiri lili ndi 10 okha. Nchifukwa chake kalembera, monga wa chaka cha 2018 amene adapeza anthu oposa 17.5 miliyoni m'Malaŵi, ndi mnzake weniweni wa kaundula wa khansa.

Kumene ntchitoyi idayambira

M'chaka cha 1842, dotolo wa ku Verona m'dziko la Italy, dzina lake Domenico Rigoni-Stern, adasanthula mabuku a imfa za mumzindawo a zaka pafupifupi 80. Adapeza kuti khansa ya chiberekero inkapha kwambiri akazi okwatiwa ndi amasiye, koma inali yosoŵa pakati pa masisitere. Iye sadadziŵe chifukwa chake, koma manambala ake adaloza njira. Patapita zaka zoposa 140, mu 1983 ndi 1984, katswiri wa ku Germany, Harald zur Hausen, pamodzi ndi anzake adapeza m'zotupa za khomo la chiberekero mitundu iŵiri ya kachirombo ka HPV, kamene kamapatsirana pogonana.

Dziko loyamba kukhala ndi kaundula wa khansa wa dziko lonse ndi Denmark, kumene Dr. Johannes Clemmesen adayambitsa ntchitoyi mu 1942, nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse ili mkati. Mu Africa, kaundula wa ku Kampala m'dziko la Uganda adayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, pa sukulu ya madotolo ya Makerere. Mu 1965 bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, lidakhazikitsa nthambi yofufuza za khansa yotchedwa IARC, imene likulu lake lili ku Lyon m'dziko la France. Nthambi imeneyi imasonkhanitsa malipoti a makaundula a maiko ambiri, kuti aziyerekezedwa ndi muyeso umodzi.

Ulendo wa Dr. Burkitt

Nkhani yoonetsa bwino mphamvu ya kuŵerenga odwala ndi ya Dr. Denis Burkitt, dotolo wa opaleshoni wochokera ku Ireland, amene ankagwira ntchito pachipatala cha Mulago ku Kampala. Mu 1957 adamuonetsa kamnyamata kotupa nsagwada zonse, zam'mwamba ndi zam'munsi. Patangopita masabata ochepa adaonanso mwana wina wotupa chimodzimodzi ku Jinja. Adayamba kufukula mafayilo akale a chipatala, ndipo mu 1958 adalemba lipoti la ana 38 odwala chotupa chimenechi. Nthendayo lero imatchedwa ndi dzina lake, Burkitt lymphoma.

Pofuna kudziŵa kumene nthendayo imapezeka, adatumiza timapepala tokhala ndi zithunzi ku zipatala za boma ndi za mishoni m'maiko ambiri a mu Africa, nafunsa funso limodzi: kodi ana otere adaonekapo kumeneko? Mayankho adaŵaika pa mapu. Pambuyo pake, mu Okutobala 1961, iye ndi madotolo anzake aŵiri, Ted Williams ndi Cliff Nelson, adanyamuka pa galimoto yakale pa ulendo wa masabata 10, nayenda mamailosi pafupifupi 10,000, nkuyendera zipatala zoposa 50. Ulendowo udadzera m'dziko lino, limene nthaŵi imeneyo linkatchedwa Nyasaland.

Zimene adapeza zinali zodabwitsa. Kufupi ndi Uganda nthendayo inkasoŵa m'malo okwera kuposa mapazi 5,000. Kuno inkapezeka makamaka m'malo otsika ndi otentha, a m'mphepete mwa nyanja ndi m'chigwa cha Shire, ndipo inkachepa m'malo okwera kuposa mapazi 3,000. Kupitirira kumwera, inkangopezeka m'zigwa ndi m'mbali mwa nyanja yamchere. Zidaoneka kuti chimene chinkaika malire a nthendayo ndi kutentha ndi mvula. Mapu a chotupacho adafanana ndi mapu a malo amene malungo amavuta chaka chonse.

Chaka chomwecho cha 1961, Dr. Burkitt adakakamba za nthendayi ku London, ndipo mwa omvera mudali katswiri wina, Anthony Epstein. Iye adapempha kuti azimtumizira tinyama ta zotupazo kuchokera ku Kampala. Mu 1964 Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong adapezamo kachirombo kamene tsopano kamatchedwa Epstein-Barr, kachirombo koyamba kudziŵika kuti kamayambitsa khansa mwa munthu. Lero nzodziŵika kuti kachiromboka pamodzi ndi malungo obwerezabwereza ndi zimene zimaika ana a m'madera otentha pa ngozi ya chotupachi. Chinthu china chokondweretsa nchakuti chotupa cha Burkitt, ngakhale chimakula msanga, chimamva mankhwala, ndipo ana ambiri ofika kuchipatala nthaŵi yabwino amachira. Zonsezi zidayamba ndi mafayilo akale, timapepala ta mafunso ndi mapu.

Zimene kaundula waonetsa m'Malaŵi

Kaundula wa khansa wa dziko la Malaŵi adakhazikitsidwa m'zaka za m'ma 1980 ku Blantyre, pachipatala chachikulu cha Queen Elizabeth. Ntchito yake yozama idakhala ya kuŵerenga odwala okhala m'boma la Blantyre, koma nthaŵi zina alembi akhala akuyendera zipatala za m'zigawo zonse zitatu. Lipoti limene Dr. Kelias Msyamboza ndi anzake adasindikiza mu 2012 lidanena za odwala atsopano 18,946 amene adalembedwa m'dziko lonse kuyambira 2007 mpaka 2010.

Mwa odwala ameneŵa, pafupifupi 56 mwa 100 alionse adali akazi. Pakati pa akaziwo, khansa ya khomo la chiberekero ndiyo inali patsogolo, pa 45 mwa 100 alionse, kenaka khansa ya pakhungu yotchedwa Kaposi sarcoma, ya kummero ndi ya m'maŵere. Pakati pa amuna, theka lathunthu linali la Kaposi sarcoma, ndipo yotsatira inali ya kummero, pa 17 mwa 100 alionse. Chinthu chofunika kuchisunga nchakuti odwala atatu mwa anai alionse adali a zaka za pakati pa 15 ndi 59. Ku Ulaya khansa imagwira kwambiri okalamba, koma kuno idaoneka kuti ikutenga anthu apakati, olima m'munda ndi olera ana.

Manambala ameneŵa ali ndi phunziro. Mitundu iŵiri imene inali patsogolo m'lipotilo imayambitsidwa ndi tizirombo, ndipo imakula mphamvu chitetezo cha thupi chikafooka ndi kachirombo ka HIV. Kaundula wa ku Kampala, amene adasokonezeka m'zaka za chipwirikiti nayambiranso mu 1989, adapeza kuti Kaposi sarcoma, imene kale inkagwira makamaka amuna achikulire m'miyendo, idasanduka pafupifupi theka la khansa zonse za amuna. Kaundula wa ku Harare, amene adayamba mu 1985, adaonetsa zofanana. Mankhwala otalikitsa moyo atafalikira, makaundula omwewo adaonetsa nthendayo ikutsika. M'Malaŵi mankhwalaŵa adayamba kuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma mu 2004. Motero munthu amene akumwa ma ARV mokhulupirika akudzitetezanso ku khansa.

Khansa ya khomo la chiberekero ndiyo yaonetsa poyera m'mene manambala amasinthira zochita za boma. Popeza zidadziŵika kuti Malaŵi ali m'gulu la maiko amene nthendayi imavuta koposa pa dziko lonse, ntchito younika amayi pogwiritsa ntchito viniga idafalitsidwa m'zipatala kuyambira 2004. Katemera wa HPV adayesedwa m'maboma a Rumphi ndi Zomba kuyambira 2013, ndipo mu Januwale 2019 adayamba kuperekedwa m'dziko lonse kwa atsikana a zaka 9. Makolo ena amafunsa ngati katemerayu amagwiradi ntchito. Yankho lidachokera ku kaundula wa ku Sweden. Kumeneko akatswiri adatsata atsikana ndi amayi pafupifupi 1.7 miliyoni kuyambira 2006 mpaka 2017, ndipo adapeza kuti mwa amene adalandira katemera asanakwane zaka 17, khansayi idachepa ndi 88 pa 100. Mu 2020 bungwe la WHO lidaika cholinga chakuti dziko lililonse litsitse nthendayi kufika pa odwala osakwana 4 mwa akazi 100,000 alionse pa chaka. Dziko lopanda kaundula silingadziŵe ngati likuyandikira cholinga chimenechi.

Pa khansa ya kummero, makaundula aonetsa kuti ndi yochuluka m'chigawo cha kuvuma ndi kumwera kwa Africa, ndipo Malaŵi ali pakati pa maiko okhudzidwa kwambiri. Fodya ndi mowa waukali ndi zoyambitsa zodziŵika. Akatswiri akhala akufufuzanso za utsi wa nkhuni m'makhitchini opanda mawindo, ndi chizoloŵezi chomwa tiyi kapena phala zikadali moto. Mu 2016 nthambi ya IARC idachenjeza kuti zakumwa zotentha kupitirira madigiri 65 zikhoza kuyambitsa khansa ya kummero. Khansa ya chikhodzodzo nayonso ili ndi mnzake wodziŵika bwino kwa anthu a kunyanja ndi kumadambo, ndiye likodzo losachiritsidwa kwa zaka zambiri. Ya chiŵindi imayenda ndi kachirombo ka hepatitis B, kamene katemera wake ana akhala akulandira kusikelo kuyambira 2002, ndiponso ndi chuku cha mtedza ndi chimanga chosungidwa chisanaume.

Amene kaundula saŵaona

Kaundula amadziŵa okhawo amene adafika kuchipatala. Gogo amene adayamba kulephera kumeza nsima, kenaka phala, kenaka madzi, namwalira kumudzi achibale ali kuganizirana za ufiti, saoneka m'buku lililonse. Mayi amene adabisa kutaya magazi chifukwa cha manyazi, naikidwa m'manda popanda wodziŵa chimene chidamutenga, nayenso saŵerengedwa. Anthu otere akachuluka m'boma lina, manambala amaonetsa ngati kumeneko khansa kulibe, ndipo pogaŵa mankhwala ndi antchito bomalo limalandira zochepa. Choncho madera akutali ndi zipatala amalangidwa kaŵiri.

Vuto lachiŵiri ndi la kutsimikiza nthenda. Njira yodalirika yodziŵira khansa ndiyo kutenga kanyama pa chotupa ndi kukaunika ku labotale. Lipoti la 2012 lija lidaonetsa kuti odwala osakwana 1 mwa 5 alionse ndiwo adatsimikizidwa mwa njira imeneyi. Ena onse dotolo adaŵadziŵa poona ndi maso, pokhudza ndi manja kapena pojambula. Manambala omwewo ndiwo adakhala umboni wakuti dziko lifunika malabotale ena ndi akatswiri ounika zotupa.

Vuto lachitatu ndi la kulemba imfa. Ku Denmark munthu aliyense ali ndi nambala yake, ndipo kaundula amatha kudziŵa kuti mwa odwala 100 amene adalandira chithandizo, ndi angati ali moyo patapita zaka 5. M'Malaŵi lamulo lakuti kubadwa ndi imfa zizilembedwa lidayamba kugwira ntchito mu 2015, ndipo ziphaso za unzika zidaperekedwa kwa anthu ambiri mu 2017. Zimenezi zikamatsatidwa m'midzi monse, kudzakhala kosavuta kudziŵa ngati chithandizo chikupulumutsadi miyoyo.

Mbali ya munthu wamba

Kaundula wabwino amayamba ndi munthu amene wapita kuchipatala msanga. Zizindikiro zosayenera kuzengereza nazo ndi izi: chotupa chimene chikukula, makamaka m'bere, m'khosi kapena m'nsagwada za mwana, kutaya magazi pambuyo pogonana kapena mayi atasiya kale kusamba, kuvutika kumeza, bala losapola, magazi m'mkodzo kapena m'chimbudzi, maanga akuda otukuka pakhungu kapena m'kamwa, ndi kuonda kopanda chifukwa chodziŵika. Zizindikirozi sizitanthauza khansa nthaŵi zonse, koma wodziŵa kusiyanitsa ndi dotolo. Amayi a zaka za pakati pa 25 ndi 49 ayenera kukaunikidwa khomo la chiberekero ngakhale asakumva kuŵaŵa kulikonse, pakuti zilonda zoyambirira zimachizika mosavuta.

Wodwala akafika kuchipatala, nkofunika kuti atchule dzina lake lenileni, lomwelo paliponse, ndiponso mudzi, mfumu ndi boma kumene amakhaladi. Ena amatchula adiresi ya mbale wao wa m'tauni kumene angofikira, poganiza kuti athandizidwa msanga. Kutero kumachititsa kuti matenda a ku Phalombe kapena a ku Neno aŵerengedwe ngati a ku Blantyre. Kabuku ka kuchipatala kasungidwe bwino ndi kutengedwa ulendo uliwonse. Ndipo maliro akagwa m'mudzi, achibale pamodzi ndi mfumu aonetsetse kuti imfayo yalembedwa.

Kwa anamwino, madotolo aang'ono ndi alembi a m'zipatala, pempho ndi lakuti mabuku alembedwe momveka ndi mokwanira, ngakhale mzere wa odwala utalike chotani. Mau akuti "chotupa" okha sathandiza mlembi wa kaundula. Ayenera kudziŵa chiŵalo, tsiku ndi zaka za wodwalayo. Ana 38 a m'lipoti la Dr. Burkitt adapezeka chifukwa anthu ena, amene maina ao sakumbukiridwa, adalemba bwino mafayilo a ku Mulago, osadziŵa kuti wina adzaŵafuna. Mzere umene namwino alemba lero pachipatala chaching'ono cha kumudzi udzakhala m'gulu la manambala amene boma lidzayang'ane poganiza kumene lidzatsegule labotale yatsopano, ndi kuchuluka kwa mankhwala amene lidzagule chaka chamaŵa.